Kodi n'zoona kuti makampani akubisa mankhwala ochiritsiratu matenda amgonagona?

Nachisale analemba:

Moni nonse. Pali nkhani imene imabwerabwera anthu akangoyamba kukamba za shuga, BP, khansa kapena HIV. Amati mankhwala ochiritsiratu matendawa anapezeka kalekale, koma makampani anawatsekera m'kabati chifukwa munthu wochira sagulanso kanthu, pomwe womwa mapiritsi tsiku ndi tsiku mpaka imfa ndi kasitomala wamuyaya. Ena amawonjezera kuti mabungwe osonkhetsa ndalama zothandizira odwala nawonso ndi amodzimodzi: zaka makumimakumi akupempha ndalama za kafukufuku koma machiritso ake osaoneka, poti atapezeka ntchito zawo zitha.

Kunena zoona mfundoyi imamveka ndithu. Katemera wa poliyo anapezeka kale, munthu anaponda pamwezi mu 1969, koma shuga mpaka lero ndi jakisoni ndi mapiritsi basi? Vuto ndi lakuti amene amafuula kwambiri za nkhaniyi nthawi zambiri amamaliza ndi kukugulitsa botolo lawo.

Ndiye ndikupempha inu amene mumazidziwa bwino: pa zonsezi choona n'chiti, nkhambakamwa n'ziti? Munthu wamba angadziwe bwanji kuti mankhwala amene wapatsidwa ndi othandizadi, ndiponso kuti bungwe limene akufuna kulipatsa ndalama si lakuba? Chonde mayankho okhala ndi mutu, osati ongondiuza kuti ndizikhulupirira madokotala.

Chatsalira anayankha:

Mayi Nachisale, kukayikira kwanu kuli ndi maziko, koma chala mwaloza pena. Tiyeni tione matenda amgonagona amene machiritso ake anapezekadi, ndi zimene makampani anachita nawo.

Tengani hepatitis C. Kachilombo kake kamakhala m'thupi zaka 20 kapena 30 kakuwononga chiwindi mwakachetechete, mpaka chiwindicho kuuma kapena kuchita khansa. Kale odwala ankabayidwa interferon kwa milungu yofika 48, mankhwala ozunza kwambiri, ndipo ochira anali pafupifupi theka. Mu 2011 kampani ya Gilead inagula kakampani kotchedwa Pharmasset pa madola 11 biliyoni chifukwa cha mankhwala amodzi, sofosbuvir, amene anali asanamalize n'kuyesedwa komwe. Atavomerezedwa ku America mu Disembala 2013 sanawabise ayi. Anawagulitsa madola 1,000 piritsi limodzi, madola 84,000 pa milungu 12. Akaphatikizidwa ndi mankhwala anzake, odwala oposa 95 pa 100 aliwonse amachira, kachilombo n'kutheratu. Mu 2015 mokha, mankhwala a hepatitis C anailowetsera Gilead madola pafupifupi 19 biliyoni.

Kampani ikapeza machiritso imachita zimenezo: imaika mtengo woti wodwala akaumva azizidwa nkhongono. N'chimodzimodzi Zolgensma, wa matenda ofoola minofu ya makanda, amene anatuluka mu 2019 pa madola 2.1 miliyoni ndipo amaperekedwa kamodzi kokha, komanso Casgevy wa matenda a magazi obadwa nawo a sickle cell, wa mu 2023, pa madola 2.2 miliyoni.

Kubisa sikungatheke pa zifukwa zosavuta kumva. Makampaniwa si pachibale, amalimbirana msika. Kampani imene sigulitsa insulin itapeza chochiritsa shuga ingalande msika wonse wa ogulitsa insulin akuluakulu, Eli Lilly, Novo Nordisk ndi Sanofi, tsiku limodzi, ndiye ingabisirenji kuti iteteze phindu la adani ake? Komanso kuti utenge patent, chiphaso chakuti mankhwalawo ndi ako kwa zaka 20, umayenera kulemba poyera kapangidwe kake, ndipo aliyense amatha kuwerenga. Kafukufuku woyambirira wambiri sachitikira m'makampani koma m'mayunivesite, ndi ndalama za boma. Ndipo maboma amene amalipirira nzika zawo chithandizo, monga Britain, Cuba ndi China, akanakhala oyamba kuulula, chifukwa shuga ndi matenda a impso zikuwadyera ndalama zankhaninkhani chaka ndi chaka.

Koma mbali yoona ilipo, ndipo si yaing'ono. Pofika 2018 malonda a Gilead a mankhwala aja anali atatsika kufika pansi pa madola 4 biliyoni, mwa zina chifukwa odwala anali akuchira n'kumachoka pamsika. Chaka chomwecho banki ya Goldman Sachs inalembera ochita malonda lipoti lofunsa mosabisa ngati kuchiritsa odwala ili bizinesi yokhalitsa, ndipo chitsanzo chake chinali Gilead yomweyo. Ndalama zimathamangira mankhwala omwa moyo wonse. Umboni wina ndi ma antibiotic: kampani ya Achaogen inavomerezedwa kugulitsa antibiotic watsopano, plazomicin, mu 2018, koma chaka chotsatira inagwa, chifukwa mankhwala ogwiritsa ntchito masiku ochepa, amenenso madokotala amawasungira matenda okanika okhaokha, sabweza ndalama.

Mankhwala akale amene patent yake inatha ndiye amasiye enieni. Kuyesa mankhwala pa anthu zikwizikwi kumadya madola mamiliyoni ambirimbiri, ndipo palibe kampani ingalipire zimenezo pa piritsi limene aliyense ali ndi ufulu wopanga. Zoti dexamethasone, mankhwala otchipa a zaka zoposa 60, amapulumutsa odwala Covid amene ali pa makina opumira, zinadziwika mu 2020 kudzera m'kafukufuku wa RECOVERY ku Britain, wolipiridwa ndi ndalama za boma. Mafunso otere osayankhidwa alipo ambiri. Palibe anabisa yankho, kungoti palibe analipira kuti lifufuzidwe.

Nkhani yoyandikira kwambiri zimene anthu amanenazo ndi ya zilonda za m'mimba. M'zaka za m'ma 1980 Zantac anafika pokhala mankhwala ogulidwa kwambiri padziko lonse: umamwa, chilonda chimapola, ukasiya chimayambiranso. Madokotala awiri a ku Australia, Robin Warren ndi Barry Marshall, anaonetsa kuti zilonda zambiri zimayamba ndi bakiteriya wotchedwa Helicobacter pylori. Anzawo sanawakhulupirire, moti mu 1984 Marshall anachita kumwa bakiteriyayo kuti adwale anthu aone. Panapita zaka pafupifupi khumi kuti chithandizochi chivomerezedwe ponseponse, ndipo makampani ogulitsa mankhwala a asidi analibe chifukwa chofulumizitsira zimenezo. Komabe choona chinatuluka, awiriwo analandira mphoto ya Nobel mu 2005, ndipo lero matenda amene anali a moyo wonse amatha ndi masiku 14: omeprazole pamodzi ndi ma antibiotic awiri, kawirikawiri amoxicillin ndi clarithromycin, kawiri pa tsiku. Chimalepheretsa ndi kusiyira panjira kapena bakiteriya wosamva clarithromycin, n'chifukwa chake pamafunika kuyezetsanso pakatha milungu inayi.

NaPhiri_wa_Labu anayankha:

Bambo Chatsalira mwafotokoza bwino, koma mwawachitira chifundo kwambiri anthuwa. Kubisa kumachitika. Sabisa machiritso, amabisa zotsatira za kafukufuku zimene sizinawakomere, ndipo zimenezo zaphetsa anthu.

Mu 2008 Erick Turner ndi anzake anatenga kafukufuku 74 wa mankhwala a matenda ovutika maganizo amene makampani anapereka ku FDA, bungwe loona za mankhwala ku America, n'kuyerekeza ndi zimene zinasindikizidwa m'magazini a zachipatala. Malinga ndi FDA, 38 anaonetsa kuti mankhwalawo akuthandiza, ndipo 37 mwa amenewa anasindikizidwa. Mwa 36 otsalawo, amene zotsatira zake zinali zoipa kapena zokayikitsa, 22 sanasindikizidwe konse, 11 anawalemba mokometsera ngati zinayenda bwino, atatu okha ndiwo analembedwa momwe zinalili. Dokotala woona mtima wowerenga magazini akanaganiza kuti kafukufuku 94 pa 100 akuyamikira mankhwalawo, pomwe zoona zake zinali theka. Choncho ngakhale dokotala wanu asakunamizeni, iyeyo akhoza kukhala kuti anaphimbidwa m'maso.

Vioxx wa kampani ya Merck, mankhwala a ululu wa nyamakazi, anatuluka mu 1999. Kafukufuku wa mu 2000 anaonetsa kuti omwa Vioxx akudwala mtima kwambiri kuposa omwa naproxen, kampani n'kufotokoza kuti ndi naproxen amene akuteteza mtima. Anawachotsa pamsika mu Seputembala 2004 anthu mamiliyoni atamwa kale, ndipo mu 2007 Merck inavomera kulipira madola 4.85 biliyoni pothetsa milandu. GlaxoSmithKline inavomera mlandu mu 2012 n'kulipira madola 3 biliyoni, mwa zina chifukwa chotsatsa Paxil, mankhwala a matenda ovutika maganizo, kwa ana osakwana zaka 18 popanda chilolezo. Purdue Pharma inavomera mu 2007 kuti inanamiza madokotala zoti OxyContin, mankhwala amphamvu oletsa ululu, salowerera m'magazi ngati mankhwala ena a mtundu wake, ndipo inavomeranso milandu ina mu 2020. Izi si mphekesera, zili m'mabuku a makhoti.

Zinthu zasinthako pang'ono. Kuyambira 2005 magazini akuluakulu salandira kafukufuku amene sanalembetsedwe poyera asanayambe, ndipo aliyense atha kulowa pa ClinicalTrials.gov n'kuona zimene ofufuza analonjeza kuyeza. Mukapeza kuti analonjeza kuwerenga imfa koma lipoti likukamba za china, dziwani kuti pali chimene chinawakanika.

Mayi Nachisale, pa funso lanu loti munthu wamba angadziwe bwanji, funsani izi. Poyamba, mankhwalawo anawayerekeza ndi chiyani? Kupambana placebo, piritsi lopanda mankhwala, n'kosavuta. Chofunika n'chakuti kodi akuposa mankhwala akale otchipa, operekedwa pa mlingo woyenera. Kenako, anayeza chiyani? Kutsitsa nambala pa pepala la ku labu n'kosiyana ndi kupulumutsa moyo. M'zaka za m'ma 1980 encainide ndi flecainide ankakonza bwinobwino kagundidwe ka mtima kwa anthu amene anadwalapo mtima, makina akuonetsa kuti zili bwino, koma kafukufuku wa CAST mu 1989 anapeza kuti omwa mankhwalawo akufa ambiri kuposa omwa placebo.

Chachitatu ndi masamu, pamene ambiri amapusitsidwa. Tiyerekeze kuti mwa anthu 100 osamwa mankhwala, awiri amachita sitiroko pa zaka zisanu, ndipo mwa 100 omwa, mmodzi. Wotsatsa anena kuti mankhwala achepetsa sitiroko ndi theka, ndipo sananame. Koma tanthauzo lake n'lakuti anthu 100 ayenera kumwa zaka zisanu kuti mmodzi apulumuke. Kwa munthu amene chiopsezo chake ndi 20 pa 100, theka lomwelo likutanthauza kuti mwa anthu khumi omwa, mmodzi apulumuka, ndipo pamenepo kumwa n'kwanzeru kwambiri. Ndiye funsani dokotala mwachindunji kuti, mwa anthu 100 ofanana ndi ine, angati amathandizika, angati amavulala nawo? Ngati mukufuna kudziwerengera nokha, yambani ndi Cochrane, amene amasonkhanitsa kafukufuku yense pa mankhwala amodzi ndipo salandira ndalama za makampani a mankhwala pa ntchitoyo.

Ndipo mankhwala akakhala atsopano kumene pamene akale akukuthandizani, musathamangire kusintha. Kafukufuku wa gawo lachitatu, womaliza mankhwala asanavomerezedwe, amakhala ndi anthu mazana kapena zikwi zochepa. Vuto logwera munthu mmodzi pa 10,000 limadzaoneka mankhwala ali kale pamsika.

Nachisale analembanso:

Zikomo nonse awiri, zayamba kumveka. Nanga za mabungwe aja? Ndiponso palibe wandiyankha chifukwa chake shuga, BP ndi HIV zikukanika mpaka lero pamene hepatitis C inatheka.

Kamwendo anayankha:

Ndiyankhe za mabungwe, mayi. Kuwaika onse m'thumba limodzi n'kulakwitsa.

Alipo akuba enieni. Mu 2015 bungwe la boma la America loteteza ogula la FTC pamodzi ndi zigawo zonse 50 za dzikolo anasumira Cancer Fund of America ndi mabungwe ena atatu oyendetsedwa ndi banja limodzi ndi anzawo. Anasonkhetsa madola 187 miliyoni pakati pa 2008 ndi 2012 m'dzina la odwala khansa, koma zofika kwa odwala sizinakwane 3 pa 100. Zambiri zinapita kwa makampani oimba mafoni opempha ndalama, zina ku malipiro a achibale, magalimoto ndi maulendo okasangalala. Mayina awo anali okoma, zithunzi za ana odwala zili mbwee. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ovuta kuwaweruza ndi mabungwe oona amene ali pa ubale ndi makampani. Kafukufuku wofalitsidwa mu New England Journal of Medicine mu 2017 anapeza kuti mwa mabungwe akuluakulu 104 oyankhulira odwala ku America, osachepera 83 pa 100 ankalandira ndalama ku makampani a mankhwala ndi zipangizo zachipatala. Zotsatira zake siziti azinama ayi. Kungoti amafuula kwambiri kuti mankhwala atsopano avomerezedwe msanga, koma pa nkhani ya mtengo mawu amachepa. Onani aducanumab, mankhwala a matenda oiwalaiwala a Alzheimer: mu Novembala 2020, mwa akatswiri 11 olangiza FDA, khumi anati umboni sunakwane, mmodzi anati sakudziwa, wovomereza panalibe. Alzheimer's Association, imene inkalandirako ndalama ku Biogen, kampani yopanga mankhwalawo, inalimbikira kuti avomerezedwe. FDA inavomereza mu Juni 2021, akatswiri atatu anatula pansi udindo, mtengo unaikidwa pa madola 56,000 pachaka, ndipo mu 2024 Biogen inawasiya yokha. Alzheimer's Association imati ndalama za makampani ndi gawo laling'ono la chuma chake ndipo sizisintha maganizo ake. Mwina n'zoona, koma wopereka ndalama ali ndi ufulu wodziwa.

Nkhani ya Cystic Fibrosis Foundation imandigwiritsa njakata. Bungweli linaika madola pafupifupi 150 miliyoni m'kafukufuku wa kampani imene lero ndi Vertex, pa matenda obadwa nawo amene makampani ankawanyalanyaza poti odwala ake ndi ochepa. Mankhwala anapezekadi, ivacaftor mu 2012 kenako Trikafta mu 2019, ndipo asintha moyo wa odwala ambiri. Koma atangotuluka mtengo wake unali madola pafupifupi 300,000 pachaka, ndipo mu 2014 bungwelo linagulitsa gawo lake la phindu pa madola 3.3 biliyoni. Linapambana pa sayansi, koma lingadandaule bwanji za mtengo umene nalo linadyapo?

Zoti bungwe lingaope machiritso poopa kutha ntchito, mbiri ikutsutsa. March of Dimes inakhazikitsidwa mu 1938 kulimbana ndi poliyo, inalipirira katemera wa Jonas Salk amene analengezedwa mu 1955, kenako inangotembenukira ku matenda obadwa nawo ndi umoyo wa makanda. Matenda sadzatha padziko, wofuna ntchito sangasowe. DNDi, bungwe lofufuza mankhwala a matenda onyalanyazidwa limene linayamba mu 2003, linathandiza kupanga fexinidazole, mapiritsi a masiku khumi ochiza matenda a kaodzera, kumene kale ankabaya melarsoprol, mankhwala okhala ndi arsenic amene ankapha pafupifupi wodwala mmodzi pa 20 aliwonse.

Musanapereke ndalama, pezani lipoti la chuma la pachaka lowunikidwa ndi owerengera ndalama apadera. Mabungwe a ku America amadzaza Form 990 imene aliyense atha kuiona, a ku England ndi Wales ali pa kaundula wa Charity Commission, ndipo mayiko ambiri ali ndi ofesi yolembetsa mabungwe. M'lipotimo musangoyang'ana gawo lolembedwa kuti ntchito za bungwe, chifukwa ambiri amalowetsamo zikwangwani, ma T-shirt ndi makalata opemphera ndalama n'kuzitcha kudziwitsa anthu. Funani mzere wonena ndalama zimene zinapita ku kafukufuku kapena kwa odwala, mayina a amene analandira, ndi zimene zinatulukapo. Onani ngati makampani opereka ndalama atchulidwa pamodzi ndi kuchuluka kwa ndalamazo, komanso ngati m'komiti yoyendetsa bungwe muli anthu a m'makampani kapena a banja limodzi. Koma bungwe lodzitama kuti siliwononga kalikonse pa ofesi nalonso likayikireni, chifukwa kulemba akatswiri ndi kuwerengera ndalama bwino kumafuna ndalama.

Dzimbiri anayankha:

Mayi Nachisale, hepatitis C inatheka chifukwa mdani wake ndi mmodzi, ndi wochokera kunja, ndipo salowa m'chibadwa cha selo. Ukamuletsa kuswana kwa milungu 12 amatha. HIV ndi ina: imasokerera chibadwa chake m'kati mwa DNA ya maselo a CD4, ndipo ena mwa maselowo amagona zaka zambiri osachita kanthu. Ma ARV amagwira kachilombo kamene kakuswana, kogonako sakukaona. Munthu akasiya kumwa, kawirikawiri kachilombo kamaonekanso m'magazi pakangotha milungu iwiri kapena inayi. Ochiriratu alipo, koma ndi owerengeka. Woyamba anali Timothy Ray Brown ku Berlin, amene mu 2007 anamuika maselo opanga magazi a munthu wina wokhala ndi chibadwa chosowa chotchedwa CCR5 delta 32, chimene chimatsekereza mitundu yambiri ya HIV kulowa m'maselo, pofuna kuchiza khansa ya m'magazi. Njirayi imayamba ndi kupha mafuta a m'mafupa a wodwalayo, ndipo imapha anthu ena. Palibe dokotala wanzeru angaichite kwa munthu amene piritsi limodzi pa tsiku likumusunga bwino.

Shuga wa mtundu woyamba amabwera chitetezo cha m'thupi chikapha maselo a m'kapamba opanga insulin. Kuika maselo atsopano kumatheka, ku Edmonton ku Canada anaonetsa zimenezo mu 2000, koma chitetezo chomwecho chimawaukiranso, ndiye wodwala amasinthanitsa insulin ndi mankhwala ofoola chitetezo a moyo wonse, amene amawononga impso ndi kutsegulira khomo matenda ena. BP, mwa anthu pafupifupi 9 pa 10 aliwonse, ilibe gwero limodzi loti n'kulizula: ndi mitsempha youma ndi ukalamba, impso, mchere, kunenepa ndi chibadwa, zonse pamodzi. Otsalawo ndi amene angachiritsidwe, mwachitsanzo pochotsa chotupa cha pa kachiwalo ka adrenal. Munthu amene BP inamuyamba asanafike zaka 30, kapena sikutsika ngakhale akumwa mitundu itatu ya mankhwala, kapena potassium wake ndi wotsika, apemphe kuti amufufuze zimenezi, chifukwa ambiri otere amangowonjezeredwa mapiritsi. Khansa si nthenda imodzi koma mazana, ndipo zina zimachizika kale: khansa ya m'magazi ya ana yotchedwa ALL, pafupifupi 9 mwa 10 amachira kumene chithandizo chili chokwanira, komanso Hodgkin ndi khansa ya machende.

Shuga wa mtundu wachiwiri ndiye ali ndi nkhani yabwino imene simveka kwambiri, poti mulibe chogulitsa. Kafukufuku wa DiRECT ku Scotland ndi kumpoto kwa England, wolipiridwa ndi bungwe la Diabetes UK, anatenga anthu onenepa amene anali ndi shuga kwa zaka zosakwana zisanu ndi chimodzi ndipo sanali pa insulin. Anawaika pa zakudya zamadzimadzi za ma calorie pafupifupi 850 pa tsiku kwa milungu 12 mpaka 20, kenako n'kubwezeretsa chakudya pang'onopang'ono. Patatha chaka, 46 pa 100 shuga wawo anali bwino popanda mankhwala, poyerekeza ndi 4 pa 100 mwa osatsata njirayi. Mwa amene anataya makilogalamu 15 kapena kuposa, anali 86 pa 100. Patatha zaka ziwiri chiwerengero cha 46 chija chinatsika kufika 36 pa 100, ndipo chinapitirira kutsika thupi likamabwerera. Ndiye si kuchiriratu, ndi matenda kugona, ndipo HbA1c, muyeso wa shuga wa m'magazi wa miyezi itatu yapitayo, iyenera kuyezedwabe chaka chilichonse. Musayese nokha mukumwa glibenclamide kapena kubaya insulin, shuga atha kutsikiratu mpaka kukomoka. Mankhwala a BP nawonso amafunika kuchepetsedwa thupi likamatsika.

Zoti amabisa mankhwala a zitsamba, makampani akanapeza chitsamba chogwira ntchito akanachithamangira. Vincristine wochiza khansa ya ana anachokera ku duwa la ku Madagascar, artemisinin wa malungo ku chitsamba cha ku China chimene Tu Youyou analandira nacho Nobel mu 2015, ndipo metformin anachokera ku kafukufuku wa chomera chotchedwa galega. Kusiyana kwake n'kwakuti izi zinayezedwa mlingo n'kuyesedwa pa anthu. Zosayezedwa zavulaza ambiri. Ku Belgium kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi oposa 100 anawonongeka impso ndi mankhwala ochepetsa thupi okhala ndi chitsamba cha Aristolochia. Chitsamba cha St John's wort chimachepetsa mphamvu ya ma ARV ena ndi mapiritsi olera. Ndipo mabotolo ena olembedwa kuti ndi achilengedwe, akawayeza ku labu amapezamo dexamethasone, diclofenac kapena glibenclamide wothiridwa mobisa. Wodwala nyamakazi amamvadi bwino mlungu woyamba, pakapita miyezi nkhope yatupa, shuga wakwera, mafupa afooka.

Amene amadyera masuku pamutu odwala pogwiritsa ntchito mkwiyo wawo pa makampani aphetsanso anthu ambiri. Yahya Jammeh, ali pulezidenti wa Gambia, analengeza mu 2007 kuti akuchiza Edzi ndi zitsamba, ndipo odwala ankauzidwa kusiya ma ARV. Ku South Africa Matthias Rath ankatsatsa mavitamini ake kwinaku akunyoza ma ARV kuti ndi poizoni, mpaka khoti la ku Cape Town linamuletsa mu 2008. Ofufuza a ku Harvard anawerengera kuti kuchedwa kwa boma la dzikolo kupereka ma ARV pakati pa 2000 ndi 2005 kunatayitsa miyoyo yoposa 330,000. Zizindikiro za wonyenga sizisintha: botolo limodzi lochiza matenda khumi, maumboni a anthu m'malo mwa ziwerengero, zosakaniza zachinsinsi, ndi kukuuzani kuti musiye mankhwala a kuchipatala.

Pa kusiya mankhwala ndinene mosapsatira. Wa shuga wa mtundu woyamba akasiya insulin, magazi amatha kuchita asidi pa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo zimapha. Atenolol ndi propranolol akasiyidwa mwadzidzidzi mtima umathamanga, ndipo kwa wodwala mitsempha ya mtima zimatha kuyambitsa vuto lalikulu. Prednisolone womwedwa kupitirira milungu itatu amachepetsedwa pang'onopang'ono, chifukwa thupi limakhala litasiya kupanga cortisol wake, homoni imene mankhwalawa amalowa m'malo mwake. Wa khunyu akasiya atha kugwa mosalekeza. Kafukufuku wa SMART anaimitsidwa mu 2006 ataona kuti opumira ma ARV akudwala ndi kufa kwambiri kuposa omwa mosadukiza. Ngati mukukayikira piritsi lina, tengani mapaketi onse, ndi zitsamba zomwe, mupite nawo kwa dokotala kapena wa ku pharmacy, mufunse ntchito ya lililonse ndiponso ngati lilipo loti n'kuchotsa. Kwa okalamba omwa mitundu isanu kapena kuposa, kawirikawiri limapezeka.

Chatsalira anawonjezera:

Mayi NaPhiri, ndavomera, pa zobisa zotsatira mwanena zoona. Ndingowonjezera za mtengo, poti ndi pamene anthu ambiri amafera mankhwala alipo.

Amene anatulukira insulin ku Toronto anagulitsa patent yake ku yunivesite mu 1923 pa dola imodzi aliyense. Koma ku America kabotolo ka insulin wa Humalog kanachoka pa madola 21 mu 1996 kufika pafupifupi 275 mu 2019, ndipo kanatsika mu 2023 anthu ndi aphungu atakwiya. Njira ina ndi yotalikitsa patent posintha tinthu ting'onoting'ono: AbbVie inazinga Humira, mankhwala a nyamakazi, ndi ma patent oposa 100, moti opikisana nayo analowa ku Europe mu 2018 koma ku America mpaka 2023. Khoti lalikulu la India linakana zoterezi mu 2013 pa mlandu wa Novartis wokhudza Glivec, mankhwala a khansa ya m'magazi.

Mitengoyi imagwa anthu akalimba. Ma ARV ankagula madola oposa 10,000 pachaka pamene Cipla ya ku India inalengeza mu 2001 kuti ipereka mitundu itatu pa madola 350. Chaka chomwecho makampani 39 amene anasumira boma la South Africa pa lamulo la mankhwala otchipa anachotsa mlandu wawo, ndipo mgwirizano wa ku Doha unatsimikiza kuti mayiko ali ndi ufulu wololeza ena kupanga mankhwala a patent pofuna kuteteza umoyo wa anthu. Egypt inapanga sofosbuvir wakewake, mtengo wa chithandizo chonse unatsika kufika pansi pa madola 100, ndipo mu 2018 ndi 2019 inayeza anthu pafupifupi 50 miliyoni n'kuchiza opezeka ndi kachilombo ka hepatitis C.

Kwa inu mayi Nachisale, pa pepala la dokotala funsani dzina lenileni la mankhwala, osati la malonda: amlodipine osati Norvasc, metformin osati Glucophage. Generic wovomerezeka, kutanthauza mankhwala omwewo opangidwa ndi kampani ina, amayenera kuonetsa kuti amalowa m'magazi mofanana ndi woyambayo. Onani ngati mankhwalawo ali pa mndandanda wa mankhwala ofunikira wa WHO, umene ulipo kuyambira 1977 ndipo umakonzedwanso zaka ziwiri zilizonse. Gulani kwa ogulitsa a chiphaso okha, ndipo muyang'ane nambala ya batch, ya gulu limene anapangidwira limodzi, ndi tsiku lothera ntchito kuti zikufanana pa bokosi ndi pa kapepala ka mapiritsi, chifukwa WHO inapeza mu 2017 kuti m'mayiko osauka ndi apakati, mankhwala amodzi pa khumi aliwonse ndi achinyengo kapena osakwanira mphamvu.